Ndiyambirenso kupalasa njinga popita ku ntchito nthawi ya kolona?

Mayi wina wa ku Salima anatilembera motere kumayambiriro kwa 2021, matenda a kolona atavuta, ndipo yankho lathu ndi la nthawi imeneyo:

"Adokotala, ndine mayi wa zaka 44. Ndimagulitsa m'sitolo ya zipangizo zomangira pa Kamuzu Road koma ndimakhala mbali ya ku Kaphatenga. Chiyambireni matendawa mtengo wa minibasi wakwera, ati chifukwa anauzidwa kuti azinyamula anthu ochepa, koma akangodutsa apolisi amatipanikizabe ngati kale. Ine ndili ndi BP ndi shuga, ndipo imfa zimene tikumva mwezi unozi zandiopsa. Kunyumba kuli njinga ya malemu bambo a ana, yakhala pakhonde zaka ziwiri. Ndinkapalasa ndili mtsikana. Kodi ndingayambirenso? Kolona sangandipeze pamsewu poti mphepo imandiwomba kumaso? Nanga masiki ndizivala popalasa? Tsiku lina ndinayesa, ndinatsala pang'ono kubanika. Achemwali anga akuti njinga si ya munthu wa BP, komanso akuti apolisi akugwira anthu madzulo. Ndithandizeni."

Mayi, pepani kwambiri ndi maliro a bambo kunyumbako, ndipo zikomo polemba. Mtima ukhale m'malo. Pa njira zonse zimene muli nazo zofikira pa Kamuzu Road m'mawa, njinga yopalasa nokha ndi imene kolona angavutike kwambiri kukupezeranipo. BP ndi shuga nazonso sizimuletsa munthu kupalasa, malinga zikhale zoti akuchipatala akuziyang'anira. Ine ntchito ndinayamba ngati mlangizi wa zaumoyo, ndikuzungulira midzi panjinga, kabokosi ka katemera kali pakeliyala, ndisanapite kukaphunzira zoona odwala, ndipo mpaka lero ku ntchito ndimapita panjinga. Choncho zimene ndikuuzenizi zina ndi za m'kalasi, zina ndi za m'chipinda cholandirira ovulala, zina ndi za zipsera za m'mawondo mwangamu. Ndinene pachiyambi pomwe kuti pa nkhani yanuyi chimene chikundidetsa nkhawa kuposa kachilombo ndi mabuleki a njinga imene yagona zaka ziwiri pakhonde, komanso msewu wa madzulo.

Tiyambe ndi mphepo imene ikukuopsaniyo. Kachilombo ka kolona sikangouluka kokha m'malere ngati fumbi la mu Okutobala. Kamatuluka mwa munthu amene ali nako, m'timadontho ta malovu ndi m'chinyezi cha mpweya wake pamene akutsokomola, kuyetsemula, kuyankhula, kuimba, ngakhale kungopuma chabe. Kuti kakulowereni pamafunika kuti mupume mpweya wa munthuyo mokwanira, ndipo zimenezi zimachitika mukakhala naye pafupi, kwa kanthawi, pamalo posapita mphepo. Tsono yerekezani malo awiriwa. M'minibasi mwakhala mothithikana, mawindo atsekedwa chifukwa cha mvula, kondakitala akukuwa kuitana anthu masiki ali pachibwano, ndipo mudikira momwemo mpaka idzaze. Panjinga muli nokha, panja, ndipo amene mwakumana naye mwadutsana naye m'kuphethira kwa diso. Mphepo imene ikukuwombaniyo ikukuthandizani, chifukwa imamwaza timadontho tija tisanachulukane pamalo amodzi.

N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, matendawa atangobuka mu 2020, linalangiza anthu a m'mizinda kuti kumene kungatheke aziyenda pansi kapena panjinga. Mizinda ina inachita kupatula misewu. Ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu Malichi 2020 anatsegula makilomita 76 a njira zongoyembekezera za njinga, ndipo ku Paris ndi ku Milan anachitanso zofananazo. Ndinkaseka ndekha pomva nkhani zimenezi, chifukwa anzathuwo ankaziona ngati nzeru yatsopano, pamene kuno ku Salima njinga yakhala ikunyamula mbuzi, matumba a makala, mitolo ya nzimbe, ngakhale mayi wopita kukachira, kuyambira kalekale.

Wapanjinga kolona amam'peza akatsika. Amam'peza pansi pa mtengo kwa wokonza njinga, pamene anthu asanu aweramira tayala limodzi n'kumakambirana za mpira. Amam'peza pogula mandasi, pamzere wa kubanki, pamaliro, ndipo kwa inu makamaka m'sitolo momwe mumatandalamo tsiku lonse. Musati poti mwathawa minibasi ndiye kuti mwamaliza. Zitseko ndi mawindo a sitolo zizikhala zotsegula, masiki azikhala pamphuno nthawi zonse pamene muli ndi makasitomala, ndowa ya madzi ndi sopo ikhale pakhomo, ndipo mukafika muzisamba m'manja musanagwire kumaso kupukuta thukuta.

Za masiki tsopano. Simukunama kuti munabanika, ndipo si inu nokha. Masiki a nsalu satsekereza mpweya wabwino kulowa m'thupi monga ena akunenera, koma munthu akamapalasa amapuma mofulumira, thukuta limanyowetsa nsalu, nsaluyo n'kumamatira pamphuno, ndipo ndi kutentha kwa kuno kwathu mtima umayamba kukuuzani kuti mukufa. A WHO omwewo ankanena kuti munthu asavale masiki pamene akulimbitsa thupi mwamphamvu, koma atalikirane ndi anzake mita imodzi kapena kuposerapo. Masiki onyowa satetezanso bwino. Komabe lamulo la dziko lino mu 2021 linkati pagulu aliyense avale, ndipo wapolisi sankafunsa za thukuta. Ine ndimachita chonchi. Pochoka kunyumba, ngati msewu uli pululu, masiki amakhala m'kapepala koyera m'thumba la malaya. Ndikayandikira pamene pali anthu, kaya ndi pamsika, pasiteji kapena pamene apolisi aima, ndimaima kaye pambali, n'kuvala, n'kupitiriza pang'onopang'ono, liwiro loti ndingathe kupereka moni osapuma wefuwefu. Ndikunenetsa mawu oti kuima, chifukwa ndasokapo chibwano cha munthu amene ankakoleka chingwe cha masiki kukhutu ndi dzanja limodzi njinga ikuyenda. Muziyenda ndi masiki awiri kapena atatu. Amene mwapalasa nawo muzivula mukafika, muvale ouma, ndipo madzulo onse achapidwe ndi sopo. Sankhani a nsalu ya thonje yopepuka, osati yoterera ija imene imakhala ngati pulasitiki. Koma ngati mukubanika ngakhale musanavale masiki, mukupalasa pang'onopang'ono pamalo a see, limenelo si vuto la nsalu. Bwerani tikupimeni mtima, magazi ndi chifuwa.

Achemwali anu pa za apolisi akunena zoona mbali ina, koma tiyeni tiziike m'malo mwake. M'dziko muno m'bindikiro weniweni, woti aliyense akhale m'nyumba, sunachitike. Odwala oyamba anapezeka pa 2 Epulo 2020, boma linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 woyamba pa 18 Epulo, koma mavenda anakwiya, a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC anapita kukhoti, ndipo pa 17 Epulo woweruza Kenyatta Nyirenda anauimitsa usanayambe. Zimene zinadzakhalapo ndi malamulo amene anabwera mu Januwale 2021, matenda atabweranso mwamphamvu mpaka kutenga nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, tsiku limodzi. Malamulowo ankati misika izitsekedwa 5 koloko madzulo, malo omwera mowa 8 koloko usiku, pamsonkhano pasapitirire anthu 50, ndipo kuyambira 9 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa munthu asapezeke akungoyendayenda. Palibe pamene analetsa njinga. Mayi wochokera ku ntchito dzuwa likadalipo, masiki ali kumaso, analibe mlandu. Malamulowa amasinthasintha, choncho muzitchera khutu ku wailesi.

Pali china chimene malamulowa anabweretsa chimene ambiri sankachiona. Ola la pakati pa 8 ndi 9 koloko usiku linasanduka ola loipa pamsewu. Omwe amamwa ankatulutsidwa m'mabala nthawi imodzi, aliyense akuthamangira kuti 9 koloko im'peze kwawo, anjinga zamoto akufuna kutola makasitomala omaliza, ndipo woyendetsa galimoto akaona msewu wopanda anthu phazi limalemera. Inu ola limenelo lisamakupezeni panja. Nyengo inoyi dzuwa limalowa patapita mphindi zingapo 6 koloko itakwana, ndiye mukatseka 5 koloko muli ndi ola lathunthu la kuwala. Musalidyere pocheza pakhomo la sitolo. Ngati abwana amakonda kuwerengera ndalama mochedwa, kambiranani nawo kuti muziwerengera nthawi ikadalipo.

Tibwere ku thupi lanu. Achemwali akuti njinga si ya munthu wa BP. Amakukondani, koma apa aphonya. Kupalasa modekha tsiku ndi tsiku ndi mankhwala amene timawalembera anthu a BP ndi shuga koma ambiri sawamwa. Kumatsitsa BP, kumathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi, kumachepetsa kunenepa, ndipo tulo timabwera bwino. A WHO amalimbikitsa munthu wamkulu kulimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo inu ulendo wopita ndi wobwera udzakwanitsa zimenezo osalipira kanthu. Komanso matenda awiri amene muli nawowa ndi omwe amachititsa kuti kolona akagwira munthu afike povuta, choncho maganizo anu othawa minibasi ndi olondola ndithu.

Komabe musanayambe, pitani kukayezetsa. Ngati BP yafika 180/110 kapena kuposa, njinga idikire kaye mpaka mankhwala aitsitse. Ngati yatsika kufika pamene akuchipatala akhutira, yambani. Mankhwala osasiya, ngakhale mutayamba kumva kupepukidwa. Ndaonapo anthu angapo amene atayamba kulimbitsa thupi anaganiza kuti achira, n'kutaya mapilitsi, kenaka n'kubwera atanyamulidwa mbali imodzi itafa. Pa shuga, funso langa ndi lakuti mumamwa mankhwala ati. Ngati ndi metformin yekha, si kawirikawiri kuti shuga atsike mopitirira. Koma ngati mumamwa glibenclamide kapena mumabaya insulin, kupalasa m'mimba muli njala kungagwetse shuga muli pamsewu. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, mtima kugunda mofulumira, maso kuchita chidima, mutu kusokonekera. Mukamva choncho musati ndingofika kaye. Tsikani, khalani pansi pamthunzi, idyani masiwiti angapo kapena masupuni atatu ang'onoang'ono a shuga, dikirani mphindi 15, ndipo zikapanda kusintha bwerezani n'kuitana munthu. Zikachitika kawiri katatu, kauzeni amene amakulemberani mankhwala, mwina mlingo ukufunika kusintha poti thupi layamba kugwira ntchito. Choncho phala kapena mbatata m'mawa musanakwere, masiwiti m'thumba nthawi zonse, botolo la madzi pakeliyala. Madziwo ndi ofunika kwambiri ngati pa mankhwala anu a BP pali aja okodzetsa. Ndipo munthu wa shuga sapalasa atavala patapata. Valani nsapato zotseka, ndipo madzulo posamba muziyang'ana mapazi, pakati pa zala pomwe, chifukwa kabala kakang'ono kochekedwa ndi pedulo kamatha kukula mosamveka kupweteka.

Tsopano njinga ya malemuyo. Musaikwere mmene ililimo, ngakhale itaoneka yabwino mutaipukuta. Njinga ikakhala, chimene chimayamba kufa ndi labala. Machubu amauma, matayala amang'ambika m'mbali, ndipo timalabala ta mabuleki timalimba ngati mwala, moti mukagwira buleki imangolira kwiii njinga ikupitabe. Itengereni kwa wokonza amene akabaza amamukhulupirira. Afunseni akabaza a pasiteji yanu, iwo amadziwa amene amakonza zenizeni ndi amene amangothira oilo n'kulandira ndalama. Muuzeni asinthe timalabala ta mabuleki onse awiri, aone machubu ndi matayala, akunge masipoko, awongole limu ngati yapindika, atsuke tcheni ndi kuthira oilo, aike gilisi m'mahabu ndi m'mapedulo, amange hendulo ndi chishalo. Akamaliza yesani nokha iye akuona. Kankhani njinga muli pansi n'kugwira buleki yakutsogolo: tayala lakumbuyo lizinyamuka. Gwirani yakumbuyo: tayala lizikhukhuluzika pansi osazungulira. Zikapanda kutero, ntchito sinathe, ndipo musachite manyazi kumubwezera. Tcheni musamathire mafuta ophikira, amamata fumbi n'kusanduka phula.

Ngati ndi njinga zakale zija za mabuleki a tizitsulo, monga Hero kapena Humber, dziwani khalidwe lake limodzi loipa. Limu yachitsulo ikanyowa, buleki siigwira msanga. Tayala limazungulira kangapo labala lisanapukute madzi, ndipo pa kamphindi kameneko mumakhala ngati mulibe buleki. Nyengo ino ya mvula muziyamba kugwira buleki mukadali patali, pang'onopang'ono, manja onse awiri. Chishalo nacho anachikweza molingana ndi msinkhu wa bambo. Chitsitseni kufikira pamene mukakhala, chidendene chili papedulo ya pansi, mwendo uziwongoka osachita kupendekeka. Masabata oyambirira chikhoza kutsikirapo pang'ono kuti zala za kuphazi zizifika pansi mukaima, koma chikatsikitsa mawondo adzakudandaulani. Ndipo ngati felemu yake ndi yachimuna, ya chitsulo chopingasa pakati, ndipo ndi yaitali moti simungaime bwino mutaikwera, ganizirani zosinthanitsa ndi ina yotsika pakati. Ndikudziwa kuti ndi chikumbutso cha bambo, ndipo mtima sungalole msanga. Mukhoza kuisungira mwana wamwamuna, inu n'kupeza ya kaunjika yokukwanani.

Chitenje ndi tcheni sizigwirizana. Nsonga ikangolowa m'tcheni kapena m'masipoko, njinga imaima pomwepo inu n'kupitirira. Amayi ambiri amavala thalauza kapena taiti mkati, chitenje n'kuchimanga chokwera pang'ono, nsonga zonse zitapisidwa m'chiuno, akafika n'kuchimasula bwinobwino. Lamulo loletsa amayi kuvala thalauza linatha kalekale m'zaka za m'ma 1990, ndipo amene angakunenereni pamsewu sadzakulipirirani minibasi. Zija amanena zoti njinga imawononga chiberekero n'zabodza. Chimene mudzamve ndi kuwawa kwa pokhalira sabata yoyamba ndi yachiwiri, kenaka thupi limazolowera.

Pamsewu tsono, apa ndiye mundimvetsere bwino, chifukwa ovulala panjinga amene ndawalandira pa zaka zonsezi nkhani zawo zimafanana. Yendani kumanzere, mbali imodzi ndi galimoto zopita kumene mukupita. Ena amakonda kuyenda kumanja ati kuti aziona galimoto ikubwera. Woyenda pansi atero, koma wapanjinga akatero amatulukira kumene woyendetsa sakuyang'anako, makamaka pamphambano. Msewu wa M5 ndi wopapatiza, m'mbali mwa phula munadyeka, ndipo mumadutsa malole akuluakulu, ena onyamula shuga kuchokera ku Dwangwa, ena a mafuta. Lole ikamakupitirirani, mphepo yake imayamba yakukankhirani kunja kenaka n'kukukokerani mkati, ndipo kumbuyo kumakhala ngolo yachiwiri imene simunaiyembekezere. Mukamva kulira kwa lole kumbuyo, kutsogolonso kukubwera galimoto ina, musalimbane nazo. Chepetsani liwiro, tulukani m'phula pamalo abwino, ngati n'kotheka ikani phazi pansi, zidutse. Choopsa n'kutsika m'phula muli paliwiro, chifukwa pamene phula lathera pamakhala kaphompho, pansi pake pali mchenga umene mvula yakokolola, ndipo tayala lakutsogolo likalowa mumchenga hendulo imakulandani. Pobwerera m'phula, yang'anani kumbuyo kaye, ndipo kwerani kaphomphoko molunjika, osati mokhulana nako.

Njanji imene imadutsa m'tauni muno inandiphunzitsa ine phunziro limeneli. Tsiku lina kukuwaza mvula ndinkathamangira kunyumba chakumadzulo, ndinafika panjanji mopendekeka pozemba chithaphwi, tayala lakutsogolo linaterera pachitsulo chonyowa, ndipo ndinangozindikira ndili chagada, chikwama uko, nsapato uko, anyamata ogulitsa chimanga chootcha akuthamanga kudzandidzutsa uku akubisa kuseka. Bondo linatenga mwezi. Njanji imadutsidwa molunjika, pang'onopang'ono, osagwira buleki tayala lili pachitsulo. Ngati pali galimoto zambiri, tsikani mukankhe.

M'tauni mwenimweni adani ndi ena. Minibasi imaima paliponse pamene yaona munthu, osapereka chizindikiro. Chitseko cha galimoto yoima chimatseguka mwadzidzidzi, choncho muzidutsa motalikira ngati utali wa mkono. Njinga zamoto zimatulukira mbali zonse. Mbuzi, zikakhala ziwiri mbali ziwiri za msewu, dziwani kuti imodzi idumpha kutsata inzake. Belu likhale lolira, ndipo pokhota tambasulani dzanja nthawi ikadalipo. Foni ikaitana, iitane. Gulani nyale yakutsogolo ndi kofiira kakumbuyo, ngakhale mukuti simudzayenda usiku, chifukwa tsiku lina chubu chidzaphulika ndipo mdima udzakupezani. Pali tinyale totchajira ngati foni timene tikupezeka m'misika. Valani zowala, kapena kajekete konyezimira kaja amavala akabaza. Chipewa choteteza mutu anthu amachiseka, koma fupa la mkono timalumikiza, pamene ubongo ukavulala zochita zathu zimachepa. Ngati mungachipeze, ngakhale cha kaunjika chosasweka, valani ndipo mumange lamba wake pachibwano. Ndipo tsiku limene mudzanyamule mwana pakeliyala, mapazi ake akhale ndi popondera ndiponso chotchinga. Chidendene cha mwana chikalowa m'masipoko bala lake limakhala loipa, lochedwa kupola.

Masiku a mvula yamphamvu, kapena pamene thupi lakana, kabaza wapanjinga yopalasa ndi wabwinopo kusiyana ndi minibasi yodzaza. Muli panja, ndipo iye wakufulatirani. Nonse muvale masiki, nkhani zichepe, ndalama mukonzeretu yokwanira kapena mulipire pa Airtel Money kapena Mpamba ngati iye alola, ndipo mukatsika sambani m'manja. Anyamatawa nawonso matendawa anawapweteka m'thumba, sukulu zikatsekedwa ndi misika ikamatsekedwa msanga makasitomala amachepa, choncho kukhala ndi mmodzi wodziwika amene mungamuimbire n'kothandiza nonse awiri. Wanjinga yamoto ndimamuika pambuyo, chifukwa cha liwiro komanso chipewa chimene chavalidwa ndi anthu ambirimbiri tsiku limenelo. Za akuba musaiwale: loko wolimba, ndipo ngati abwana alola, njinga izilowa kuseri kwa sitolo.

Pali masiku amene njinga simuyenera kuikhudza n'komwe. Mukadzuka thupi likutentha, mutu ukuwawa, m'mfundo mukuphwanya, mukutsokomola, kapena mwasiya kumva fungo ndi kukoma kwa chakudya, musapalase ndipo musapite ku ntchito. Kuno kunyanja nyengo ya mvula malungo ndi ambiri, ndipo poyamba amafanana kwambiri ndi kolona, moti ngakhale ife sitingasiyanitse ndi maso. Kayezetseni tsiku lomwelo, mutavala masiki, wina akuperekezeni. Musangogula LA pagolosale n'kumadikira. Mukhozanso kuimba ku Chipatala cha pa Foni kuti akulangizeni. Zoti munthu akapalasa mwamphamvu n'kutuluka thukuta matenda amachoka, zimenezo zisiyeni. Kulimbitsa thupi muli ndi kachilombo m'thupi kumalemetsa mtima, ndipo kolona nthawi zina amatupitsa mnofu wa mtima weniweniwo.

Ngati atakupezani ndi kolona, bindikirani masiku amene akuchipatala akuuzeni, ndipo shuga muzimuyeza pafupipafupi chifukwa matenda amamukweza. Kupuma movutikira muli chikhalire, kupweteka kapena kulemera pachifuwa, kusokonezeka mutu, kugona kosadzutsika, kapena kulephera kudya ndi kumwa, zimenezo ndi zothamangira nazo kuchipatala cha boma nthawi yomweyo, usiku kapena usana. Ngakhale lamulo la 9 koloko lija silinkatsekera wodwala njira. Mukachira, dikirani sabata yathunthu mulibe chizindikiro chilichonse, muyambe ndi kuyenda pansi, kenaka njinga mtunda waufupi. Anthu ena kufooka kumawatsalira masabata ambiri, ndipo si ulesi. Ndipo kaya munadwalapo kaya ayi, mukamva kupweteka pachifuwa muli panjinga, makamaka kofika kumkono wamanzere kapena kunsagwada, mtima kugunda modumphadumpha, chizungulire chofuna kukugwetsani, dzanzi mbali imodzi ya thupi kapena lilime kulemera, tsikani pomwepo ndipo mupemphe anthu akutengereni kuchipatala. Njinga idzatsala ndi wogulitsa tomato, mudzaipeza.

Poyambira penipeni ndi pabwalo la mpira kapena kamsewu kafumbi ka kwanuko, Loweruka kapena Lamlungu m'mawa kusanatenthe. Thupi silinaiwale kupalasa, koma kuima mwadzidzidzi, kuyang'ana kumbuyo osakhotetsa hendulo, ndi kutambasula dzanja limodzi zimafuna kuzibwereza kangapo. Chitani zimenezo mphindi 15 kapena 20, masiku atatu kapena anayi. Kenaka Lamlungu lotsatira, pamene msewu uli ndi galimoto zochepa, yendani ulendo wonse mpaka pa Kamuzu Road ndi munthu wina wozolowera, muone nthawi imene mwatenga, muloweze pamene pali maenje, mchenga ndi okonza njinga. Sabata yoyamba ya ntchito palasani masiku awiri kapena atatu okha, enawo kabaza. Muzinyamuka msanga kuti musathamange, ndipo m'chikwama muzikhala bulauzi ina ndi kansalu kopukutira, chifukwa kutentha kwa Salima sikudikira masana. Pakatha mwezi bwererani kukayezetsa BP ndi shuga, mutenge kabuku kanu ka kuchipatala, ndipo muwauze kuti mwayamba kupalasa kuti aone ngati mankhwala akufunika kusintha.